Faines Nankhoma, Amene Ankayeza Mpweya wa Ana

Malemu Mayi Faines Nankhoma anabadwa pa 14 Malichi 1962 m'mudzi uno, kwa Msakambewa, m'boma la Dowa. Nyumba imene anabadwiramo inali pamene pali nthochi paja. Anali oyamba kubadwa mwa ana atatu. Mwa atatuwo watsala mmodzi, mlongo wawo Bambo Alexio Nkhoma, mwini mbumba, amene akhala pafupi ndi mafumu apo.

Mafumu, abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, ndi nonse amene mwabwera: amene ndikuwerenga ndine Yoswa Chikhasu, mwamuna wawo. Ndikudziwa kuti mwamuna wa malemu sayimirira pa maliro. Ndinapempha kwa eni mbumba. Anakana. Ndinakhala pomwepo mpaka anatopa.

Chifukwa chake ndi ichi. M'mbiri muno muli mwana, mdzukulu wathu Susana, wa zaka khumi ndi ziwiri, amene amadwala mphumu. Dzulo akubanja anagwirizana kuti tikameta andisudzule, ndibwerere kwathu ku Ntchisi, ndipo mwanayo akakhale kwa a Alexio ku Bowe. Nkhani imeneyi ndifika nayo kumapeto. Ndiyambe ndi malemu.

Anayamba sukulu mu 1970. Aphunzitsi ankawakhazika kutsogolo, osati chifukwa cha maso, koma kuti asamachezetse anzawo. Masamu ankawakonda. Mu 1977, ali Sitandade 7, mayi awo anadwala, ndipo iwo anasiya sukulu kuti alere abale awo. Sanadandaulepo za zimenezo pamaso panga.

Tinakumana mu 1981 pa msika wa ku Ntchisi Boma. Ine ndinkagulitsa malichero ndi madengu amene ndimaluka. Anatenga lichero limodzi, analitembenuza, nandiuza zolakwika zake zonse. Kenaka analigula. Tsiku la msika lotsatira anabweranso, nati, "Lichero lija ndi labwino, koma mwini wake alibe pakamwa." Ndinavomera. Ukwati wathu unadalitsidwa pa 9 Okutobala 1982, ndipo ndinabwera kuno ngati mkamwini. Kuyambira pamenepo ntchito tinagawana bwino: iwo ankayankhula, ine ndinkamva.

Mulungu anatipatsa ana atatu. Chiko anabadwa mu 1984, Eleanor mu 1987, Promise mu 1992.

Chiko ankadwala mphumu. Masiku amenewo tinkadziwa kuti mwana wayamba kudwala tikamva chifuwa chikulira. Njira ina sitinkaidziwa. M'mwezi wa Julayi 1991, nthawi ya chisanu, anasewera mpira ndi anzake tsiku lonse, nadya bwino. Kutacha chifuwa chinatseka. A Alexio anamunyamula pa njinga kuthamangira naye kuchipatala, ine ndikutsatira wapansi. Sitinafike. Kwa zaka zambiri malemu ankadzifunsa funso limodzi, nthawi zina ali pakati pa ntchito: "Ndinali naye pompano, maso ndili nawo. Nanga sindinaone bwanji?"

Ntchito yawo inali ulimi. Tinkalima chimanga, mtedza ndi fodya. Analowa Chigwirizano mu 1988. Mu 1998 anasankhidwa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ndipo tsiku la sikelo ankathandiza alangizi kupachika ana. Ambiri mwa inu amene muli ndi ndevu lero munalirapo m'manja mwawo.

Mu 2017 mwana wathu Eleanor anatisiya atadwala kanthawi kochepa. Susana anali ndi zaka zinayi. Bambo ake anali atachoka kale. Malemu anamutenga kumaliro komweko, namubereka kumbuyo ngakhale anali wamkulu.

Mu Meyi 2019 Susana anayamba kutsokomola m'mawa uliwonse. Tsiku lina chifuwa chinalira. Malemu sanadikire. Anaimitsa njinga yamoto pamsewu, natsitsa munthu amene anali atakwera kale, napita naye mwanayo ku chipatala cha ku Ntchisi Boma. Munthu uja ali pompano lero, ndipo ndamuona. Susana anapulumuka.

Tsiku lotuluka, anamwino ena, Mayi Lines, anatiitana m'chipinda. Anatipatsa mankhwala opopera mkamwa a mitundu iwiri: ena a tsiku lililonse oteteza, ena otsegula chifuwa chikayamba kutseka. Anatipatsanso kachipangizo koyezera mpweya, kotalika ngati chisononkho cha chimanga. Kali ndi pakamwa pouzira, ndipo m'mbali mwake muli manambala ndi kamuvi kamene kamathamanga mwana akauzira. Akauzira mwamphamvu kamuvi kamapita patali. Chifuwa chikathina kamaima pafupi. Anamwinowo anati njira za mpweya m'chifuwa nthawi zambiri sizitseka mwadzidzidzi. Zimachepa pang'onopang'ono, mwana akusewera, akuseka, ndipo kamuvi kamatha kuonetsa zimenezi khutu lisanamve kalikonse.

Malemu anakhala pansi pabenchi. Kanali koyamba kuwaona atasowa mawu. Tili m'njira yobwerera, pachitunda paja, anaima nati, "Bambo a Chiko, ndiye kuti sikunali kusasamala kwanga. Maso sakanaona." Funso lija sanalifunsenso.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse asanapite ku sukulu, Susana ankaimirira pakhonde, nakoka mpweya wonse, nauzira kamodzi mwamphamvu. Ankatero katatu, ndipo powerenga ankatenga pamene kamuvi kafika patali koposa. Anamwino atadziwa pamene mwanayo amafika akakhala bwino, anagawa manambalawo patatu. Pamwamba ndi pabwino. Pakati ndi pochenjeza: apopere mankhwala otsegula aja, ayesenso, akapanda kukwera apite kuchipatala. Pansi ndi pothamanga, osadikira wina aliyense.

Manambalawo ndi ang'onoang'ono, ndipo maso a malemu anali atayamba kutopa. Tsiku lina ndikuluka dengu anandilanda kansungwi. Anati ndikadule kutalika kofanana ndi manambala aja. Ndinadula. Anamasula juzi zakale, namanga ulusi pa kansungwiko: wobiriwira pamwamba, wachikasu pakati, wofiira pansi. Mwana akauzira, ankagundanitsa kansungwiko ndi kachipangizo, naona kuti kamuvi kaima pa ulusi wanji. Anapita nako kwa Mayi Lines kuti akaone ngati ulusi uli m'malo mwake. Anamwinowo anasuntha wachikasu pang'ono, nati mwana akamakula azibwera nako kuti azisintha, chifukwa chifuwa chimakula pamodzi ndi msinkhu.

Mu Epulo 2020 tinalowetsa fodya m'nyumba kuti tiyambe kusankha. M'mawa mwake kamuvi kanaima pa chikasu. Tsiku lotsatira pa chikasu pomwepo. Mwanayo sankatsokomola, ankadumpha chingwe pabwalo. Malemu anamugoneka kwa anansi athu amene salima fodya, ndipo kamuvi kanabwerera pa wobiriwira. Anamubweza kunyumba, kanatsikanso. Anabwera kwa ine atanyamula kansungwi kaja, nati, "Sankhani, fodya kapena mwana." Titagulitsa wa chaka chimenecho ndinagwetsa chigafa. Tsopano timalima soya.

Zinanso anazipeza mwa njira yomweyo. Utsi wa kukhitchini: ndinaboola zenera lalikulu. Fumbi la posesa: ankayamba awaza madzi. Tsiku lopeta chimanga ndi kuthira mankhwala a anankafumbwe, Susana ankakaswera kwina. Chisanu cha Juni ndi Julayi sakanachithamangitsa, koma ankachidikira ali okonzeka.

Mliri wa korona utatha, mu 2022, amayi ena anayamba kubwera ndi ana awo. Oyamba anali Mayi Asiyatu a golosale ya pamsika, ndi mwana wawo Tahira. Malemu anakafunsa kaye kuchipatala. Achipatala anawalola, nawapatsa timapaipi touzira, mwana aliyense kake, ndi malangizo a katsukidwe kake. Anawauzanso kuti mwana wosakwana zaka zisanu asauzire, chifukwa sangathe bwino, ndipo wotsokomola kwa nthawi yaitali kapena wowonda apite kuchipatala asanakhudze kachipangizoko. Malemu anasunga zimenezi. Mankhwala awoawo sanapatsepo mwana wa munthu. Ntchito yawo inali kuyeza ndi kuthamangitsa makolo.

Loweruka lililonse m'mawa pakhonde pathu pankadzaza. Mwana aliyense anali ndi kansungwi kake kotsomeka kudenga, ulusi wake womangidwa monga anenera achipatala. Nsungwi ndinkadula ine. Anawo ankatcha kachipangizoko chitoliro cha agogo, ngakhale sikalira. Cholira chinali agogowo. Amene mumadutsa pamsewu munkawamva: "Imirira bwino, sunakalambe! Tseka milomo. Masaya ayi, si lipenga ili. Uzira ngati moto wagwira siketi ya mayi ako!" Ana ena ochenjera anatulukira kuti akakankha ndi lilime ngati akulavula, kamuvi kamalumpha patali. Malemu ankadziwa ndi khutu. Ankati, "Iwe, ukunamiza ndani? Chifuwacho ndi changa?" Mwana akauzira bwino ankalandira mtedza wokazinga. Akauzira molakwika ankalandiranso, atamva kaye mawu.

Loweruka lina mu Julayi 2023 Tahira anauzira, kamuvi nkuima m'malire mwa ulusi wofiira. Anabwereza, chimodzimodzi. Mwanayo ankangomwetulira, koma sankafuna kuthamanga ndi anzake. Mayi Asiyatu anati, "Amayi, mwana akuseka uyu. Ndipita naye Lolemba, lero kukubwera katundu." Malemu anati, "Katundu sabanika. Katsekeni golosale." Anakangana pang'ono monga ankachitira masiku onse, kenaka anakwera njinga yamoto onse atatu. Tahira anagonekedwa m'chipatala, nabwerako ali bwino. Kuyambira pamenepo Mayi Asiyatu amasunga mabotolo apulasitiki, amene timaboola kumunsi kuti ana apoperemo mankhwala ndi kukoka pang'onopang'ono, monga anationetsera achipatala. Iwo ndi malemu ankapemphera kosiyana, koma ankakalipira ana ndi mawu ofanana.

Matenda a malemu anayamba mu Novembala 2024. Miyendo inatupa, ndipo akakwera kachitunda ka kuchitsime ankaima panjira. Ku Ntchisi anati ndi mtima. Mu Febuluwale chaka chino anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Anawathandiza, natibweza ndi mankhwala. Ana a Loweruka ataona kuti agogo akupuma movutika, anawabweretsera chitoliro chija kuti nawonso auzire. Anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Chimenecho ndi cha inu amphumu. Ine anga ndi matenda a akuluakulu."

Atalephera kutuluka panja, anandiuza kuti ndisunthire bedi pazenera loyang'ana pakhonde. Anati, "Bambo a Chiko, nsungwi mwadula zokwanira. Tsopano muphunzire ntchito yeniyeni." Ndinaphunzira. Ine ndinkagwira chitoliro panja, iwo ankalamula ali mkati. "Mwabweza kamuvi pansi? Mwana ameneyo wawerama, simukumuona? Muuzeni kuti auzire, musangomuyang'ana!" Ndinayesa kufuula monga iwo, ana anandiseka. Tsopano ndimangokweza chala, iwo amauzira. Malemu anati si njira yabwino, koma kamuvi kakuyenda.

Mu Meyi anaitana a Alexio, nawauza kuti Susana asachoke m'nyumba muno. A Alexio anati, "Achemwali, musayankhule za imfa. Tidzakambirana." Ananena chifukwa cha chikondi. Nthawi yokambiranayo sinapezeke.

Lachiwiri pa 17 Juni, Susana anauzira pakhonde monga mwa masiku onse. Malemu anafunsa pazenera, "Ulusi wanji?" Ndinati, "Wobiriwira." Anati, "Chabwino. Avale juzi." Mwanayo anapita ku sukulu. Dzuwa lisanafike pamutu, malemu anatisiya, ine ndili pambali pawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu.

Tsopano nkhani ija.

Dzulo pa zokambirana za akubanja sindinayankhule, chifukwa mkamwini sayankhula pamenepo. Zimene anagwirizana si zolakwika. Mwana ndi wa mbumba, si wa ine. A Alexio ndi munthu wabwino, akazi awonso ndi abwino, ndipo Susana sakanagona ndi njala kwawo. Koma a Alexio amalima fodya wambiri, ndipo mwezi uno mabelo ali m'nyumba mpaka kudenga. Kumenekonso kulibe amene anaphunzira ntchito ya m'mawa ija. Ine sindinagone nazo bwino.

Gawo lotsatirali ndalemba lero.

M'mawa uno ndinaitana Susana kuseri kwa nyumba kuti auzire, chifukwa mphumu sidziwa kuti kuli maliro. A Alexio anatipeza pomwepo. Mwanayo anali atatunga kale madzi ndi amayi a pamaliro, osatsokomola ngakhale kamodzi. Anauzira katatu. Kamuvi kanaima pa chikasu. A Alexio anati, "Nanga mwana ali bwinobwinoyu?" Ndinawapatsa kansungwi kuti agundanitse okha. Kenaka ndinawalozera moto umene wakhala ukuyaka pabwalo kuyambira Lachiwiri, utsi wake ukulowa m'nyumba mmene mwanayo amagona. Susana anapopera mankhwala m'botolo lake. Tinadikira. Anauziranso, kamuvi nkukwera kufika pa wobiriwira. A Alexio anayang'ana kansungwiko nthawi yaitali.

Ndinati, "Alamu, mwana ndi wanu. Mukamutenga, nditengeninso. Ndikamanga kanyumba kutali ndi chigafa."

Anati, "Inu kwanga? Akazi anga angathawe. Munthu wokhala tsiku lonse osatsegula pakamwa, anthu angayese ndaweta kadzidzi."

Anachoka. Anakaitana adzukulu okumba manda, nawauza kuti asunthe moto wonse kupita kumunsi, kumene mphepo ikulowera. Ndiye chifukwa chake inu amene munakhala pafupi ndi nyumba mwamva chisanu. Pepani. Atatha anabwerera kwa ine, nati, "Alamu, mutu wanu ndi wouma kuposa nsungwi zanuzo. Khalani m'nyumbamo ndi mwanayo mpaka alembe mayeso a Sitandade 8. Zosudzulazo ziyambe zaima. Koma Loweruka lina mudzandiphunzitse, kuti akamabwera kudzacheza kwathu ndizidziwa chimene ndikuyang'ana."

Mawu amenewa ndawalemba monga anawanenera, ndipo ndawawerenga pano kuti mafumu ndi mpingo amve. A Alexio, ngati ndawonjezera, nenani. Za pambuyo pa Sitandade 8 sindinalonjeze kanthu.

Makolo a ana a mphumu, Loweruka la sabata ino kulibe. Loweruka linalo abwere, aliyense ndi kapaipi kake. Mtedza sindidziwa kukazinga. Amene angathe atithandize.

Malemu asiya ine mwamuna wawo. Asiya mwana mmodzi, Promise, amene ali ku Joni ndipo sanathe kufika, koma akumva pa foni imene agwira a mpingo apo. Asiya adzukulu atatu: Susana, ndi ana awiri a Promise. Asiya mlongo wawo a Alexio ndi mbumba yonse ya kwa Nkhoma.

Ndithokoze mafumu potipatsa malo kumanda, ndi adzukulu amene akumba nthaka youma ya mwezi uno. Ndithokoze abusa ndi amayi a Chigwirizano, amene sanasiye kubwera kuyambira Novembala. Ndithokoze madokotala ndi anamwino a ku Ntchisi ndi ku Lilongwe, makamaka Mayi Lines, amene atumiza uthenga kuti ali pa ntchito ndipo adzabwera kudzaona ulusi wa ana mwezi wamawa. Ndithokoze Mayi Asiyatu ndi amuna awo Bambo Ramadani, amene atseka golosale kuyambira Lachiwiri popanda wowauza. Anyamata a njinga zamoto, amene malemu ankakuimitsani pamsewu ngati apolisi, zikomo. Alamu anga a Alexio, zikomo.

A Nankhoma, lero ndayankhula kwambiri, mundikhululukire. Mwana sakuchoka, inenso sindikuchoka. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.